Dzina Lomwe Agogo Sankatchula

Ndikakumbukira agogo aakazi, ndimamva fungo la fodya wamphuno losakanikirana ndi la simenti yaiwisi, pakuti ziwirizi zinakumana tsiku limodzi kumanda kwathu ku Ngokwe.

Chaka chimenecho amalume anabwera kuchokera ku Joni atatsimikiza zomanga chiliza cha agogo aamuna, amene anamwalira amalumewo ndi amayi anga akadali makanda. Vuto linali dzina. Chithunzi panalibe, chitupa chinadyedwa ndi chiswe, ndipo agogo aakazi, mwa ulemu wakale, anali asanatchulepo dzina la amuna awo chikwatiwire. Ankangoti "eni nyumba".

Choncho amalume ananditenga kukafufuza, khadi la chipani lili m'thumba kuopa kubwezedwa panjira. Ku Nsanama nkhalamba ina inati, "Che Mtalika aja? Ankafolera nyumba ataima pansi." Ku Balaka bambo wina wopuma ntchito kunjanji anati, "Ife tinkati Angolo. Njanji ankasenza okha, kwinaku akutafuna nzimbe." Mayi wina analumbira kuti agogowo akamawoloka Shire madzi ankalekeza m'mawondo, ng'ona n'kumapatuka. Sindikuwonjezera ayi, ine ndachita kuchotserako. Koma onsewa anali maina ongopatsidwa.

Tsiku lomanga, mmisiri anasalaza simenti nagwira msomali wolembera.

"Amayi, ikuumatu iyi," anatero amalume atagwada. "Tchulani kamodzi kokha. Kapena tingolemba kuti Mwamuna?"

"Iwe Jemusi, usandilaule," anayankha agogo. "Pakamwa pomwe ndinkadyera nsomba zawo, ndiwaitanirepo ngati mwana? Iyayi."

Anakoka fodya wawo, nayang'ana mandawo nthawi yaitali, kamphepo kakuwomba m'mitengo. Kenaka anapapasa pa duku, nazula singano, nayiika m'dzanja la mmisiri.

"Ndisoke chiyani, mayi?"

"Lembani."

Amayi anga anagwira pakamwa. Moyo wawo wonse anali asanamvepo agogo akutchula chinthu chimenecho. Nthawi zonse ankati "kosokera". Chimphona chonse chija dzina lake chinali Singano.

Agogo sankadziwa kuwerenga, koma anawerama kuyang'anitsitsa msomali ukuyenda.

"Kulitsani zilembozo," anatero. "Sanali munthu wamng'ono."

Lero ndili ndi imvi, ndipo dzinalo ndalilemba pano popanda vuto. Koma ndikalowa m'golosale lilime limakana. Ndimaloza chala n'kunena kuti, "Mundipatseko kosokera."