Tsiku Limene Ndinazimitsa Chigayo

Ntchito imeneyi sindinaifunefune ayi. Inandipeza ndili pakhonde la shopu ya a Yusufu pa Mitundu, ndikumata sipika yong'ambika ndi guluu. Ampulifaya yanga inali itapsa pa ukwati wina ku Malingunde, ndipo kwa miyezi inayi ndinkangokonza mawailesi a anthu. Zaka khumi ndi zisanu ndikuyendetsa makina a mawu m'maukwati ndi m'misonkhano ya tchalitchi, kenaka zii.

A Yusufu anandiuza kuti achinyamata ena a mu Lilongwe akufuna munthu wodziwa mikisa, makina aja osakanizira mawu. "Nyimbo zawo sindikuzimva," anatero, "koma ndi ana aulemu. Pitani mukawaone, bola musakawalalatire tsiku loyamba."

Gulu lake silinkapitirira anthu makumi atatu. Ankakumana m'magalaji ndi m'zipinda za kuseri kwa mashopu mutawuni. Woimba panalibe, wovina panalibe. Munthu amakhala kutsogolo ndi laputopu ndi kabokosi ka mabatani. Amajambula mvula ikumenya malata, kapena makina osokera, n'kuwakoka mawuwo mpaka kulira kumodzi kutenge mphindi khumi. Omvera amakhala pamphasa atatsinzina. Tsiku loyamba ndinafunsa ngati pali amene wamwalira.

Wotsogolera anali Tadala, mtsikana wa ku Nathenje, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ankanditcha Ankolo.

Ntchito yanga ndimaidziwa, zimenezo sindibisa. Ndimafika kudakali maola anayi. Jenereta ndimaiika kutali, kuseri kwa khoma. Ndimakhoma pansi chitsulo cha ethi, chija chotayira magetsi osokera m'nthaka, n'kuthirapo madzi ngati dothi lauma. Waya wa magetsi sayenda limodzi ndi waya wa mawu. Kenaka ndimavala mahedifoni n'kumvetsera chanelo iliyonse payokha. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankandimenya dzanja akamva kamkokomo kaja ka "mmmm" m'masipika. Kwa ine mkokomo umenewo ndi manyazi a mmisiri, ndipo ndikaumva ndimaupha pompo.

Koma ntchito ya ana amenewa inanditopetsa kuposa maukwati. Pa ukwati anthu akavina umadziwa kuti zili bwino. Kuno umaima maola awiri osadziwa ngati zikuyenda kapena zafa. Ndinkabwerera m'minibasi sipika ili pamiyendo, msana ukuwawa, ndikukangana ndi kondakitala popanda chifukwa chenicheni.

Patapita miyezi ingapo, Tadala anati akufuna kukachitira chionetsero kufupi ndi kwawo. A Yusufu anatibwereka shedi yawo ya fodya. Linali Loweruka masana, kukutentha. Tadala anachedwa chifukwa anakatenga mayi ake ku Nathenje, ndiye sitinayese makina. Anangondipatsa mawaya anayi ochokera m'kabokosi kake.

"Ankolo, machanelo onse anayi akhale m'mwamba. Musakhudze kanthu."

Mayi ake anakhala pampando kutsogolo, chikwama pamiyendo, nkhope yosasekerera.

Nyimbo itangoyamba ndinaumva. Chanelo yachitatu inkatulutsa mkokomo wolemera, wokhala ndi kugogoda mkati mwake. Ndinathamangira panja. Jenereta inali bwino, ethi inali bwino. Ndinabwerera ndikutukwana chamumtima, ndikuti mwanayu wabwera ndi waya wakuba wa pamsika. Ndinachepetsa besi, sunachoke. Anthu a pa Mitundu amandidziwa, ndipo ena anali ataima pakhomo kuonerera. Sindinafune kuti azikanena kuti makina anga amalira ngati ng'ombe. Ndinatsitsa chanelo yachitatu mpaka pansi. M'shedi munatsala timawu topyapyala ngati mabelu a njinga kutali. Ndinapinda manja, ndikunyadira.

Tadala sanadziwe kanthu. Mahedifoni ake anali olumikiza ku laputopu, ndiye iye ankamva zonse.

Zinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu. Anthu ataomba m'manja, mayi aja anafunsa mokweza, "Nanga chigayo chija chili kuti, mwanawe?"

Tadala anabwera pa mikisa, n'kuyang'ana chanelo yachitatu, n'kundiyang'ana ine.

Nkhani yake ndinaimva nthawi yomweyo. Bambo ake anali ndi chigayo pa Nathenje. Atamwalira, abale anachigulitsa, ndipo tsiku lomaliza kugaya Tadala anajambula kulira kwake pafoni. Mayi ake sankafuna n'kumva komwe za nyimbo zakezi, ankati akutaya sukulu yake pachabe. Anavomera kubwera chifukwa chimodzi chokha: anawalonjeza kuti adzamva chigayo cha amuna awo.

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinakalipa.

"Bwanji sunandiuze? Ndani amaika phokoso lotere m'nyimbo? Ine ndinayamba mikisa iwe uli ku pulayimale!"

"Ndinakuuzani kuti musakhudze kanthu, Ankolo."

Sanakweze mawu. Anapempha mayi ake kuti akhale pang'ono iye abwereze nyimboyo, koma iwo anali ataimirira kale. "Ndinadziwa kuti n'zachibwana," anatero, n'kulunjika kusiteji ya minibasi. Tadala anayamba kukulunga mawaya, molakwika, mopotoza. Tsiku lina lililonse ndikanamulanda. Ndinangoyang'ana.

Masiku atatu ndinakhala ndikudziuza kuti wolakwa si ine. Tsiku lachinayi ndinamuimbira Tadala foni kuti akandipeze kwawo ndi laputopu. Ndinamanga sipika imodzi ndi kaampulifaya kobwereka panjinga yamoto, n'kudutsa msewu wafumbi mpaka ku Nathenje. Ndinafika nditayera ngati ndachokera kogayitsa.

Tadala anandichingamira pamsewu, ndipo mayi aja tinawapeza pakhonde akusenda mtedza.

"Mwabwera kudzazimitsanso chiyani, bambo?"

Ndinangopempha soketi, ndinalumikiza, ndipo Tadala anaika chanelo yachitatu yokha, yopanda mabelu aja. Mkokomo unadzaza pakhonde mpaka mbale ya mtedza inanjenjemera. Nditaumvetsera bwino, munali injini, munali nyundo zikuphwanya chimanga, munalinso kenakake kakulira mwa apo ndi apo.

Manja a mayi aja anasiya kusenda. Anamvetsera nthawi yaitali, akuyang'ana pansi.

"Lamba ameneyo," anatero. "Ndinawauza kangati amuna anga kuti amange lamba ameneyo."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka ine ndinachoka. Tadala anati, "Zimitsani tsopano, Ankolo." Ndinazimitsa.

Ndikugwirabe nawo ntchito ana amenewa. Nyimbo zawo sindinazikondebe, msana sunasiye kuwawa, ndipo mkwiyo wanga uli pomwepo. Chimene chinasintha n'chimodzi. Masiku ano chionetsero sichiyamba tisanayese makina, ngakhale anthu adikire ola lathunthu padzuwa. Ndimakweza chanelo iliyonse payokha, ndipo ndikamva chachilendo ndimamuitana mwini nyimbo n'kumufunsa, "Phokoso ili ndi lako kapena langa?" Likakhala langa ndimalipha. Likakhala lake, manja ndimawaika m'thumba.