Lichero m'manja mwa a Justino

Mayi Ercília Pita anabadwa mu 1981 m'mudzi wina kufupi ndi Fonte Boa, zaka ziwiri pambuyo pa mlongo wawo Damiano. Damianoyo ndiye ankadziwika ndi mphumu pabanjapo. Chimanga chikamasula ngayaye, chifuwa chake chinkalira ngati mluzu, ndipo makolo ankamubereka mpaka kuchipatala, khasu osamugwiritsa. Atamera ndevu, mphumu inamusiya.

Ya a Ercília inabwera mochedwa, atatha msinkhu, ndipo inakula atakwatiwa ndi a Justino ku Domwe. M'mudzimo mkazi amatsata mwamuna, ndipo nyemba zikapunthidwa, kupeta ndi kwa akazi. A Ercília akangokweza lichero, fumbi la makoko linkawatseka pakhosi, maso kufiira, mpweya kusowa.

"Mphumu ndi ya tiana tatimuna, imatha yokha," ankatero apongozi awo, a Rufina. "Iyi yodzuka tsiku la nyemba ndi ulesi."

A Ercília anapeta chobanika chomwecho zaka zambiri. Kenako namwino wa ku Ulongwe, powapatsa bomba, kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa, anawauza kuti paubwana vutoli limakonda anyamata, koma anthu akatha msinkhu limachulukira akazi, ndipo anawalangiza kutalikira fumbi. Anabwerera pa shapa, minibasi ya kumeneko, mtima ukuwira. Zaka zonsezo ankanyozedwa chifukwa cha matenda odziwika bwino.

Chaka chatha mwana wawo Odete, yemwe paubwana sankadwala chifuwa, anatha msinkhu. Tsiku lopeta, a Ercília anamupeza atagwada kuseri kwa nkhokwe akulimbana ndi mpweya, agogo ake ataima pambali.

"Watengera amake," anatero a Rufina. "Dzuka iwe, mphepo ikutha!"

A Ercília anamupopera mwanayo mankhwala, kenako anatola lichero n'kukaliika pamiyendo pa amuna awo, omwe ankasoka matumba pamthunzi.

"Bambo a Odete, petani."

"Mwamuna agwire lichero? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti muli ndi mwana wamoyo. Ine amayi anuwa anditchula mlesi kuyambira tsiku lomwe ndinalowa pakhomo pano, ndinapirira. Uyu yekha ayi. Mukakana, nyembazi zifumbwe pompano, ine ndi Odete tikupita kwathu."

"Mukufuna kumuveka chitenje mwana wanga?" anakalipa a Rufina.

"Ngati chimuthandize kupeta, amayi, ndimubwereka changa."

A Justino anayang'ana amayi awo, anayang'ananso mwana amene chifuwa chake chinali chikuliralirabe, ndipo anaimirira. Anapeta moipa, nyemba zikuthawira pansi, amuna anzawo odutsa panjinga akuwafunsa ngati ayambanso kusinja.

Chaka chino a Justino apetanso okha. Odete sayandikira pabwalo fumbi likamauluka, ndipo bomba amayenda nalo kusukulu. A Rufina sanalankhulenso ndi a Ercília chiyambire tsikulo, ndipo a Ercília sanapepese.