Tepi imene Ackim anakana kukopa

Ku Chama boma, kuseri kwa msika, kunali nyumba ya zidina imene aliyense ankangoitcha kuti kwa Ackim. Mawindo analipo poyamba, koma mwini wake anawamata ndi dothi ataona kuti oonera vidiyo ali panja achuluka kuposa amene alowa. Mwini wakeyo anali Ackim Goma, bambo wamfupi wadazi, wobadwira ku Kambombo, amene anakhalako ku Mufulira akugulitsa m'sitolo. Sitoloyo itatsekedwa, anzake anabwerera kwawo ndi njinga ndi mabulangete. Iye anabwera ndi TV, madeki awiri oonetsera matepi a vidiyo, kajenereta kosachedwa kukwiya, ndi sipika yaikulu ya bokosi la thabwa imene anthu awiri ankainyamula akubuula.

Madeki awiri aja ndiwo anali munda wake. Tepi ina iliyonse yodutsa m'Chama, kaya yabwera ndi mphunzitsi wochokera ku Chipata, kaya ndi namwino wobwera kutchuthi, inkagona kwa Ackim, m'mawa n'kudzuka ili ndi mphwake. Iye sankaona cholakwa. Ankati mbewu ya chimanga imapemphedwa kwa mnansi, ndipo mnansi satsala ndi nkhokwe yopanda kanthu chifukwa wakupatsa ya m'manja.

Koma panali matepi ena ochokera kunja amene ankamusowetsa mtendere. Ukawaonera, chithunzi chili mbee. Ukawakopa, kope lake linkatuluka lodwala: kuwala, kuda, kuwala, kuda, mitundu n'kumasefukira m'mbali. Ackim ankawatcha matepi otsirika.

“Azungu atiseka ife kuti tikhulupirira mankhwala,” ankatero, “manje iwo aika chani mu tepi iyi? Munthu wagula chinthu na ndalama zake, koma chinthu chikali kumvera wamene anachigulitsa. Uku ni kugula galu wa eni.”

Pakamwa pa Ackim sipankauma. Chaka chimene anabweretsa gemu ya pa TV, ija ya kamunthu kodumpha maenje, aphunzitsi ndi apolisi anayamba kuthera Loweruka lonse kwa iye, akulimbirana timabatani ngati ana. Iye mwini sankasewera. Ankati gemu ndi bodza lokoma, chifukwa kamunthu kakagwa m'dzenje kamadzukanso n'kuyambira pomwepo, pamene iye sanaonepo munthu wotero. Komabe ankaikonda gemuyo pa chifukwa chimodzi: sinkadya tepi.

Mnzake wotsutsana naye anali Gordon, kalaliki wa ku Kabwe amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi a mpunga. Ku ofesi ya Gordon n'kumene kunafikira kompyuta yoyamba imene Ackim anaiona ndi maso. Anapita kukaiona, anaizungulira, anamva kuti siyamba ntchito mpaka uiuze mawu achinsinsi, ndipo anaseka mpaka kukhosomola.

“Makina yofunsa mwini wake kuti ndiwe ndani? Uwo ni mwano, a kalaliki.”

“Ni chitetezo, ba Ackim.”

“Chitetezo cha chani? Mawu yanu yachinsinsi ni dzina la madamu ŵanu, na wosesa adziwa. Loko ni chikwangwani chouza kawalala kuti katundu ali apa. Chinthu ngati uchikonda, chiike pamene munthu sangaganize.”

Pamenepa Ackim ankalankhula zimene ankachita, ngakhale Gordon sankadziwa.

Munthu wokopa matepi a anthu onseyu anali ndi tepi imodzi imene sanaikopepo. Mkazi wake, Tamala, anali woimba m'kwaya kwawo ku Tembwe. Mu 1990 mlendo wina wa kunja, wobwera ndi ntchito ya ulimi, anajambula kwayayo ikuimba panja pa tchalitchi, ndipo pochoka anamusiyira Ackim tepiyo chifukwa ndiye yekha anali ndi choonetsera. Chaka chotsatira Tamala anadwala nthawi ya mvula, misewu itaduka, ndipo anamwalira. Anasiya mwana mmodzi, Mwiza, ali wamng'ono woti nkhope ya mayi ake sakanaisunga. Chithunzi cha pepala panalibe. Nkhope ya Tamala, mawu ake, kaimidwe kake, zonse zinatsala m'tepi imodziyo.

Ackim anaionera kamodzi maliro atatha, ali yekha, ndipo sanaionerenso. Ankadziwa bwino khalidwe la deki: lero ikuonetsa, mawa yatafuna tepi n'kuilavula ngati matumbo a nkhuku. Anamulonjeza Mwiza kuti adzawaona amayi ake akadzamaliza giredi seveni, ali ndi nzeru zoti zimene waona zikhale m'mutu.

Mlongo wake wa Tamala, a Meshack, ankapalasa njinga kuchokera ku Tembwe kangapo pachaka, ndipo ulendo uliwonse nkhani inali yomweyo.

“Mulamu, tikopereniko. Madeki muli nayo yawiri. Imodzi ikhale kuno, imodzi kwathu.”

“Yayi, mulamu.”

“Manje ngati yaonongeka?”

“Siizaonongeka. Ine nidziwa mwamene kope iyendera. Lero ili kwa imwe, mailo mwabwereka mphunzitsi, uja naye akopa. Chaka chamawa muzamva kuti mkazi wanga aonetsedwa ku Lundazi mu bala, oledzera aimba mluzu. Niidziwa nchito iyi, ndine niichita.”

A Meshack ankakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Mlongo anali wawo. Koma Ackim pa nkhani iyi anali nkhutukumve, ndipo kunena zoona, mantha ake sanali opanda pake. Munthu amene wakhala akutsegula zitseko za ena amadziwa kufooka kwa chitseko chake.

Mu 1993 akuba anathyola nyumba ya vidiyo ija Ackim ali kumaliro ku Kambombo. Anatenga deki imodzi ndi sutikesi yonse ya matepi. Tepi ya Tamala inapulumuka chifukwa sabata imeneyo inali kunyumba, pansi pa matiresi. Ackim ataima m'nyumba yobedwayo anaona chinthu chimodzi chimene akuba sanachikhudze n'komwe: sipika yaikulu ija, yolemera, yonyansa, yodyedwa ndi mphemvu m'makona. Tsiku lomwelo anamasula thabwa lakumbuyo, anakulunga tepi m'kansalu, anailowetsa m'katimo n'kuitsamiritsa pa chitsulo chozungulira cha pakati kuti isamagwedere, anamanganso. Anakondwa ndi nzeru yakeyo. Madzulo alionse anthu ankadzaza nyumba, sipika ikugunda mpaka fumbi kugwa kudenga, ndipo palibe ankadziwa kuti Tamala ali momwemo.

Zaka zinapita. Mwiza anakula, mtsikana wamtali wosalankhulalankhula, wosiyana ndi bambo ake pa zonse. Nkhani ya tepi sankaifunsa kawirikawiri, koma sankaiiwala. Analemba mayeso a giredi seveni kumapeto kwa 1998, ndipo zotsatira zitabwera anapezeka kuti wasankhidwa kupita kusekondale. Ackim anatumiza uthenga ku Tembwe kuti a Meshack abwere Loweruka, lonjezo likwaniritsidwe.

Sabata yomweyo Gordon anatulukira masana, nkhope ili gwaa, atanyamula kadisiketi, kaja kosungira zolemba za m'kompyuta.

“Nchito ya mwezi wonse yapita, ba Ackim. Kompyuta ikamba kuti mulibe kanthu umu.”

“Si mwaikapo mawu yachinsinsi?” anatero Ackim, akuyamba kale kuseka.

“Lekani nthabwala. Ninaiika pamwamba pa sipika ya wailesi kunyumba. Wamene anabwera kukonza makina akuti mu sipika muli maginito, ndipo maginito ifufuta. Disiketi, kaseti ya nyimbo, tepi ya vidiyo, vonse ni vimodzi. Ukaika pafupi, vapita.”

Ackim analeka kuseka.

“Na tepi ya vidiyo?”

“Akuti vonse. Imwe simunadziwe?”

Sanadziwe. Ankadziwa kupukuta mutu wa deki ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, ankadziwa kulumikiza tepi yoduka ndi selotepi, ankadziwa kuti dzuwa ndi chinyezi ndi adani. Za maginito palibe anamuuzapo, ndipo iye sanafunsepo munthu, poti m'Chama monse wofunsidwa za matepi anali iyeyo. Anayang'ana sipika ili pakona pake. Gordon anapitiriza kudandaula za mabwana ake, koma Ackim sanamvenso kanthu.

Akanatha kutsegula sipikayo tsiku lomwelo n'kuyesa tepiyo yekha. Anatenga sikuludiraiva, anaigwira, anaibweza. Anachita mantha, mantha enieni. Anadziuza kuti disiketi ndi kanthu kopyapyala, pamene tepi ili m'chikhokho cholimba, ndiponso yakulungidwa m'nsalu. Anadziuza kuti okonza makina a m'tauni amakonda kuopseza anthu. Masiku amenewo makasitomala anadabwa kuona Ackim ali chete, filimu ikutha popanda iye kuuza anthu mmene ikanathera bwino.

Loweruka a Meshack anafika dzuwa lili pamutu, malaya atanyowa ndi thukuta, atavala jekete ngati akupita kutchalitchi. Ackim anabweza aphunzitsi amene anabwera kudzasewera gemu, anatseka chitseko, analiza jenereta. Mwiza anakhala pa benchi yakutsogolo, manja ali pamaondo. Pamene bambo ake anagwada kuseri kwa sipika n'kuyamba kumasula thabwa, a Meshack anapukusa mutu.

“Zaka zonse izi, mulamu, inali umu?”

Ackim anapisa dzanja m'katimo. Kansalu kanatuluka kali ndi fumbi ndi ndowe za mphemvu, koma tepi inali yooneka bwino, yopanda nkhungu, ngati yogula dzulo. Mtima wake unatsikako pang'ono. Anaipukuta ndi malaya, anailowetsa m'deki.

Pa TV panabwera mchenga woyera ndi wakuda, ukuthwanima, ndi phokoso ngati la mvula pa malata. Anadikira. Matepi ambiri amayamba choncho. Mchenga unapitirira. Anapotokola kabatani kowongolera chithunzi uku ndi uku, anathamangitsa tepi kutsogolo, anaibweza. Kenaka mawu anatumphuka, anthu ambiri akuimba patali, n'kumira, n'kutumphukanso. A Meshack anaweramira kutsogolo.

“Ni nyimbo yawo iyo,” ananong'ona. “Ni yawo.”

Chithunzi chinayesa kubwera. Panaoneka mzere wa anthu oimirira, opanda mtundu, opanda nkhope, akugwedezeka ngati zovala pa chingwe. Chinakhala kanthawi, chinang'ambika, mchenga unabwerera. Patapita nthawi chinabweranso chimodzimodzi. Ackim anaimitsa tepi pamene mithunziyo inkaoneka bwinoko, ndipo inaima pagalasi ikunjenjemera, akazi asanu kapena asanu ndi mmodzi mumzere wakutsogolo.

A Meshack anatsegula pakamwa. Mawu anali nawo, anawasunga zaka zambiri, ndipo anali oona. Koma atamuona mlamu wawo mmene anagwadira patsogolo pa TV, anatseka pakamwa n'kuyang'ana pansi.

Mwiza anadzuka pa benchi, anayandikira mpaka mphuno yake inatsala pang'ono kugunda galasi. Anayang'ana mthunzi uliwonse payokha, mosafulumira. Sanalire.

“Adada, amama ni ati apa?”

Ackim ankakumbukira kuti Tamala anaima kutsogolo, chakumanja, atavala duku. Kapena chinali chakumanzere, poti kamera imatembenuza? Anaika chala pa mthunzi wachiwiri kuchokera kumapeto. Anachisuntha n'kuchiika pa wachitatu. Onse anali ndi china chake kumutu, onse anali ofanana msinkhu. Akanatha kusankha mmodzi, mwanayo akanakhulupirira, n'kupita naye kusekondale mthunzi umenewo. Chala chinakhala pagalasi nthawi yaitali, kenaka anachichotsa.

“Sinidziwa, mwana wanga,” anatero. “Sinidziwa.”