Kugogoda kwa m'khoma la telala

Anthu ankanena kuti mkazi wa telala, amene anamwalira chaka chatha, sanapite kutali. Akuti analowa m'chitsime cha kuseri kwa nyumba, ndipo mwamuna wake akatseka mpopi, mayiyo ankagogoda m'khoma: gu, gu, gu. Nkhani zotere munthu umaziseka, koma ukamva ndi makutu ako, kuseka kumachepa.

Telalayo, amene timamutcha Singano chifukwa cha kuonda, sankaopa. Moyo wawo wonse mayiyo ankagogoda: patebulo chakudya chikapsa, pachitseko mwamuna akaiwala kusamba chifukwa cha makina osokera. Ndiye khoma litayamba zomwezo, Singano anangoti, "Ndamva, amayi, ndikubwera." Masana ankatsegula mpopi wa m'khitchini n'kuutseka dala, wopanda ludzu. Akatero ankakhala pampando wake wosokera, maso ali pawindo, n'kumaona mkazi wake pansi pa madzi, atavala diresi yobiriwira imene anamusokera ali pachibwenzi, ija inafupika mbali imodzi. Mitambo inkadutsa pamwamba pake, iye ali phee.

Tsiku lina paipi ya kubafa inaphulika. Mwana wake wamkazi, namwino, anamupeza ataima m'madzi ofika m'akakolo, akufotokozera khoma za batani losowa.

"Bambo," anatero namwinoyo, "paipi ikaphulikanso, ndikukutengani tikakhale kwanga."

Kwakeko ndi m'mwamba, masitepe ambirimbiri, ndipo makina osokera alibeko malo. Singano wopanda makina ndi chiyani? Kamtengo chabe.

M'mawa mwake namwino anabwera ndi pulambala, munthu wa mimba yotsogola, amene anakwanira movutikira m'kanyumba ka pampu yokoka madzi m'chitsime. Atayang'ana anaimba mluzu.

"Madala, pampu iyi ndi yosambitsa sukulu yathunthu. Munaganiza bwanji?"

"Zovala za ana timasoka zazikulu kuti akuliremo," anatero Singano.

"Ndiye mumati nyumbayi ikuliramo?"

Pulambala anatulutsa m'thumba kachitsulo kachikasu, konga chibakera cha mwana. Anati ndi valavu, ntchito yake n'kuweta madzi kuti azilowa m'nyumba ndi mphamvu imodzimodzi, osati ngati ng'ombe zotsegulidwa m'khola.

Singano anakatembenuza m'manja. "Nanga kakalowa kameneka, amene ali pansi adzadutsa?"

"Madzi okha, madala, komanso mwaulemu."

Namwino anayang'ana kumbali. Singano anati amudikire kaye. Analowa m'khitchini, anatsegula mpopi, n'kuutseka mwamphamvu. Gu, gu, gu. Anaika chikhatho pakhoma ngati akumva kutentha kwa mwana wodwala.

"Mundikhululukire, amayi," anatero. "Makina aja munkadana nawo, koma inunso mukudziwa kuti popanda iwo sindine kanthu."

Atabwerera, anatola sipanala n'kupatsa pulambala ndi dzanja lake.

Pulambala anazimitsa magetsi, anakhetsa madzi onse, n'kudula paipi pakati pa pampu ndi thanki. Anakulunga katepi koyera pamazinga a valavu, ndipo Singano, posazolowera kuona ulusi m'manja mwa wina, anamuuza kuti akukulunga ngati munthu wokwiya.

"Ine ndikabwera kudzakuphunzitsani kusoka kabudula, mundithamangitse," anayankha pulambala.

Anamanga zonse, anayatsa pampu, n'kumapotoza kasikuluwu ka pamwamba pa valavu pang'onopang'ono, diso lili pa kawotchi koonetsa mphamvu ya madzi. Kamuvi kake, kamene kale kankalumpha ngati kaledzera, kanakwera mofatsa n'kuima.

"Katsekeni tione."

Singano anatsegula mpopi. Madzi anatuluka osalala, owala, ngati nsalu yabwino ikamatsetsereka patebulo. Anawayang'ana kwa kanthawi, mwina kudikira kuti muoneke kobiriwira. Kenaka anatseka. Atatu onse anatchera khutu. Panja nkhunda inalira, basi.

Namwino anapukuta makina osokera ndi kansalu, anawapsompsona bambo ake pachipumi, n'kupita kuntchito yekha. Singano akadali m'nyumba mwake, akusokabe mayunifomu ofika m'maondo a ana a chaka chamawa, ndipo paipi sinaphulikenso. Khoma silinagogodenso. Sanali mkazi wake. Anali madzi a pampu yokula mopitirira.