Ufa wa Ndere m'Phala la Mwana Wawo

Dzina loti Mayi Chikasu anawapatsa ndi anzawo a ku shedi yoyanikira ndere za m'nyanja, chifukwa cha zala zawo zomwe zinathimbirira mpaka sopo kugonja. Ntchito yawo inali kutembenuza nderezo pa mathandala, kuzipuntha zikauma, n'kuzipititsa ku chigayo cha kampani. Anakalambira momwemo, moti mtolo wowola ankaudziwa ndi mphuno maso asanauone.

Tsiku lina anafunsa mtsikana wa ku labu, yemwe ankabwera kudzatapa ndere zokayeza, chifukwa chake zaziwisi zimanunkha ngati kuchipatala.

"Ndi ayodini ameneyo, amayi," anatero mtsikanayo. "Zimamukoka m'madzi n'kumusunga wambirimbiri. Madzi akaphwa, dzuwa ndi mpweya n'kuyamba kuziwaula, zimamutulutsa kuti zisapse. Ngati mmene mafuta amatetezera chitsulo ku dzimbiri."

Mawu oti ayodiniwo anawalasa mtima. Iwo anakulira kumtunda, kutali ndi nyanja, komwe mkulu wawo anatupa chithokomiro pakhosi n'kubereka mwana yemwe sanakule bwino ndipo sanayankhulepo. Achipatala anadzanena mochedwa kuti kunali kuperewera kwa chinthu chomwechi. Mayi Chikasu sanafunsenso kuti munthu amafunika wochuluka bwanji. Safunsa anadya phula, koma munthu wamantha uphungu amaumva theka.

Choncho mwana wawo yekhayo atatenga pakati, iwo anasamukira kunyumba kwake kukamusamala, kabotolo ka ufa wa ndere kali m'chikwama. M'mawa uliwonse supuni yodzaza inkalowa m'phala. Mkamwini wawo, makaniko wa njinga zamoto wosadziwa kuzungulira mawu, anakapeza kabotoloko pa shelefu n'kukana kwamtuwagalu.

"Amayi, za ku shedi zizithera ku shedi. Mkazi wangayu ali ndi mapiritsi ake a kusikelo."

Iwo anavomera ndi mutu, kabotolo n'kukabisa kuseri kwa mapoto. Mwana wawoyo ankangokwinya nkhope n'kumeza. Amayi ako akakuimirira pambali, mbale umaibweza bwanji?

Khanda linabadwa lonenepa, lamwamuna, ndipo Mayi Chikasu anadzitamandira chamumtima. Koma masiku atapita, linayamba kuwadetsa nkhawa. Linkangogona, bere linkaliyamwa mwaulesi, kulira kwake kunali kosasa mawu. Anthu ankati ndi mwana wofatsa. Iwo kufatsa koteroko anakuonapo kale kwa mwana wa mkulu wawo uja, ndipo chakudya chinaleka kuwalowa.

Atayeza magazi a khandalo, achipatala anawaitana onse atatu. Chipinda chake chinali chaching'ono, benchi imodzi, sikelo pakona, fani yongolira osaziziritsa. Namwino, mayi wamagalasi wosathamanga poyankhula, anakhala moyang'anana nawo.

"Chithokomiro cha mwanayu chikugwira ntchito mofooka. Nthawi zina zimatero ayodini akachepa, koma nthawi zinanso akachulukitsa, chifukwa thupi la khanda limadzitsekera. Ndiye ndifunse, mayi a mwana: pali china chomwe munkadya kapena kumwa kupatula zomwe tinakupatsani?"

Akachulukitsa! Mayi Chikasu anabisa manja awo m'khwapa ngati namwinoyo awerenga yankho pa zala. Mkamwini uja anali atatembenuka kale, maso ali pa iwo.

Anayesa kutsegula pakamwa, koma mwana wawo anawatsogolera.

"Ufa wa ndere, anesi. Supuni imodzi m'phala tsiku lililonse, mpaka pano."

"Anakupatsa ndani?" anafunsa mwamuna wake, mawu ali pansipansi.

"Ndinkathira ndekha. Ndinamva kuti umalimbitsa mwana."

"Iwe? Ine nditaletsa?"

"Eya, ine. Ukandikalipire kunyumba, pano timve za mwana."

Namwino anayang'ana mayi wa khandayo, kenako gogo wake, ndipo sanafunse zambiri. Anati ufawo uthere pomwepo, popeza umadutsanso m'mkaka wa m'mawere. Mwanayo amuyambitsa mankhwala lero lomwe, ndipo adzamuyezanso.

"Achira koma?" Funsoli linawapulumuka Mayi Chikasu. "Adzayankhula?"

"Mwabwera msanga, agogo, ndipo ana ambiri otere amakula bwinobwino. Koma kulonjeza sindilonjeza lero. Tiona magazi akadzabweranso."

Mkamwini anatenga chikalata cha mankhwala n'kupita kukaima pamzere, osayang'ana mkazi wake. Awiriwo anatsala pa benchi ya pakhonde. Anthu ankadutsa, wina akukankha njinga ya odwala yolira matayala, koma Mayi Chikasu sankamva kanthu.

"Mwana wanga, bodza lija wanamiranji? Mwamuna wako akuda chifukwa cha ine."

"Ineyo andikwiyira sabata imodzi, zitha. Inu akanakupakirani katundu lero lomwe. Ndiye mankhwala a m'mawa uliwonse azindikumbutsa ndani, ine mutu uli balala chonchi?"

"Ungandikhulupirirenso ndi supuni, ine?"

Mwana wawoyo anamasula nsalu, n'kuwasenzetsa khanda lili mtulo, lolemera ndi lofunda.

"Tamugwirani, amayi. Ine mikono yatopa."