Ndiwo Zopanda Mchere

Mdzukulu wanga woyamba atabadwa sanandilole kumunyamula. Chifukwa chake chinali mchere, koma kuti zimveke bwino ndiyambe ndi ntchito yanga.

Kuyambira unyamata ndine munthu wa zitsulo. Ndimakonza mipopi ya m'nyumba, mapampu a alimi a mpunga ku Lifuwu, injini za maboti, ndi galimoto ikandipeza ndili ndi mpata. Pa zonsezi chimene chimavuta kawirikawiri ndi kanthu kakang'ono kotchedwa valavu. Ndi kachitseko kotsegukira mbali imodzi. Madzi kapena mpweya zikadutsa, kamatseka kuti zisabwerere. Kakatha, pampu imalira tsiku lonse koma thanki osadzaza.

Akazi anga anayamba ndi befu. Kuchokera kumathandala a usipa kufika pakhomo, mtunda umene ankayenda atasenza beseni uku akuimba, anayamba kupumira kawiri panjira. Kenako kunabwera chifuwa chouma. Kenako mapazi anatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinakana kulowa. Ndikadina mwendo wawo ndi chala, pankatsala kadzenje ngati padothi lonyowa.

Anatitumiza ku chipatala chachikulu mumzinda, kumene anawaunika mtima ndi makina. Dokotala wake anali mayi wocheperapo msinkhu kwa ife, wolankhula mosathamanga.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?" anandifunsa.

"Ndimakonza mapampu."

"Ndiye simundivutitsa. Taonani apa. Valavu iyi sikutseka. Magazi akapita, ena akubwerera. Mtima ukugwira kawiri ntchito yoyenera kamodzi, ndiye watopa, wakula. Madzi akudikha m'mapapo ndi m'miyendo."

Ndikuvomera kuti kwa kamphindi ndinasangalala. Valavu ndimaidziwa ine.

"Ndiye tisinthe, adokotala."

Anandiyang'ana mwachifundo. "Kusintha kulipo, koma kumachitikira kutali, ndipo kwa mayiwa tachedwa. Chimene tingachite ndi kuupepukitsira katundu mtimawo."

Anatiuzanso kuti matendawa amayamba munthu ali mwana. Zimayamba ndi zilonda zapakhosi, kenako kutentha thupi ndi kutupa mfundo. Mwana amachira, koma valavu imatsala ndi chipsera chimene chimadzaonekera patapita zaka zambiri. Anawafunsa akazi anga ngati ankakumbukira zotere. Iwo anapukusa mutu, n'kunena kuti makolo anamwalira iwo ali aang'ono, mwina achimwene awo ndiwo angadziwe. Tinabwerako ndi mapiritsi okodzetsa ndi lamulo limodzi: mchere ayi, chifukwa umasunga madzi m'thupi.

Mwana wathu ndi mmodzi, wamkazi, ndipo nthawiyo anali ku banja lake ku Senga Bay, ali woyembekezera. Choncho mphika unagwera ine. Ndinaona kuti si bwino kuti wina azidya zokoma mnzake akuyang'ana, ndiye tonse tinasiya mchere. Akazi anga ankaluma chambo n'kukwinya nkhope.

"Bambo, chambo chopanda mchere chili ngati mapemphero opanda nyimbo. Umatuluka wakhuta, koma osadziwa kuti wadya chiyani."

Tsiku lina kunabwera alamu anga, mlongo wamkulu wa akazi anga. Ndiwo anawalera makolo atamwalira, ndipo ndiwo eni mbumba. Amagula nsomba kunyanja kuno n'kukagulitsa ku Lilongwe pa pikapu yawo yakale. Anatipeza tikudya mpunga ndi usipa, ndipo tinawapatsa mbale. Atalawa anatukula maso.

"Waphika ndani?"

"Ine, alamu."

"Mchere mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndasiya dala."

Anaika supuni pansi. Anayang'ana mapazi a mlongo wawo, n'kuyang'ananso ine, ndipo sanadyenso.

Kwathu kuno kutupa miyendo, chifuwa ndi kufooka zili ndi dzina lakale: tsempho. Amati mwamuna akayenda ndi mkazi wina n'kubwerera kunyumba, amasempha wa m'nyumba mwake. Amatinso munthu wodziwa kuti ndi wotentha chotero sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula odyawo. Ine ndinkaganiza za lamulo la dokotala. Alamu anaona mwamuna amene akuopa dzanja lake lomwe.

Anandiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, tonse ndife amuna. Ku Mbenji mukapita kukakonza injini mumakhala masabata angati?"

"Awiri, nthawi zina atatu. Ndipo mukudziwa kuti pachilumba paja mkazi sapondapo."

"Pachilumba sapondapo, eya. Nanga boti mumakwerera kumwamba? Padoko palibe akazi?"

Ndinakatenga buku la kuchipatala, ndinafotokoza za valavu, ndinajambula pansi ndi kamtengo. Anafufuta ndi nsapato.

"Achipatala ali ndi dzina lawo, ife tili ndi lathu. Ululani basi. Mankhwala alipo. Mumumwetse ndi dzanja lanu, mlongo wanga adzuke. Palibe amene akumangeni."

Mankhwalawo anali osakaniza ndi mchere. Ndinayenda nayo nkhaniyi masiku atatu. Ndinaganiza zongovomera kuti pakhomo pakhale bata, n'kukathira mankhwalawo kuseri. Nditawauza akazi anga, anakwiya monga ndinali ndisanawaonepo, ngakhale mpweya unkawathera pakati pa mawu.

"Muvomere bodza, kuti achimwene agone tulo? Nanga mwana wathu, adzakuonani bwanji? Ine ndikukudziwani. Musandiveke manyazi amene kulibe."

Iwo eni anawauza achimwene awo maso ndi maso kuti sindinalakwe. Yankho linali lakuti mkazi wabwino amafunditsa mwamuna wake. Kuyambira pamenepo, kwa abale awo ndinali munthu amene anadwalitsa mkazi, n'kukananso kumuchiza.

Alamu sindinawade, ngakhale zinandipweteka. Munthu akamaona mlongo wake akutupa amafuna chinthu chimene angachigwire ndi manja n'kuchikonza. Inenso paja ndinati tisinthe.

Akazi anga anakhala miyezi isanu kuchokera pamenepo. Chakumapeto sankathanso kugona chagada, ankakhala pampando wa ndalema pakhonde, mapazi atasanjika pa chitini. Unali mwezi wotentha, mango asanapse. M'mawa wina mpopi wa pabwalo unkadontha m'beseni, to, to, to.

"Inu okonza mipopi ya anthu," anatero, "wanu ukulira apa."

Ndinatseka madzi, ndinamasula mutu wa mpopi, ndinapeza kamphira katadyeka. Ndinadula kena pa chubu chakale, n'kumanga. Sizinatenge nthawi. Nditatsegula madzi, mpopi unakhala chete. Ndinatembenuka kuti ndiwauze kuti watheka, ndipo ndinapeza mutu wawo utapendekera paphewa, manja ali pamiyendo monga amakhalira m'tchalitchi.

Pamaliro palibe amene ananena mokweza. Ndinangoona kuti mbale yanga ankaiika payokha.

Patatha miyezi iwiri mwana wanga anachira, mwana wamwamuna. Ndinagula chitenje ndi sopo, ndinakwera kabaza mpaka ku Senga Bay. Mwana wanga anatuluka yekha, n'kugwada pakhomo, maso pansi.

"Ababa, mwafika."

"Ndafika, mama. Ali kuti mlendoyo?"

"Amalume anati, mudikire kaye. Mwana akadali wanthete."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

Misozi inkagwera pachitenje. Kuseri kwa nsalu ya pakhomo khandalo linalira, kamawu kakang'ono kokalipa. Ndinasiya mphatso pamkeka, ndinapemphera pomwepo panja, n'kubwerera. Sindinamuimbe mlandu. Anali atangotaya mayi ake, ndipo ankaopa kutayanso mwana. Ndani angayesere khanda lake kuti aone ngati bambo ake akunena zoona?

Chaka chinatha, china n'kuyamba. Ndinkamva kwa anthu ogulitsa nsomba kuti mwana wamera mano, kuti wayamba kukwawa. Lamulungu lililonse ndinkakhala pa benchi langa, ndipo pemphero langa linali limodzi, lakuti mtima wanga usawawe mpaka kuola. Sindinganene kuti nthawi zonse linkayankhidwa. Mchere sindinaubwerere. Ndinkaphika monga ndinazolowera.

Kenako m'mawa wina pikapu ya alamu inaima pampanda panga ikutsokomola ndi kuphulika kumbuyo. Anatsika, n'kuima patali, chipewa m'manja.

"Alamu, galimoto yadwala. Pamtunda ikukana. Anyamata a kuboma asintha mapulagi kawiri, koma ayi."

"Ilowetseni pamthunzi."

Ndinamvetsera injini, ndipo ndinadziwa. Tinachotsa hedi, mutu wa injini mmene mumakhala mavalavu, n'kuigoneka chagada pathebulo. Ndinathira parafini pamwamba pa mavalavu kuti ndione ngati akutseka. Pa atatu anakhazikika, koma pa imodzi anatsika n'kutulukira kunsi. Nditaizula, m'mphepete mwake munali modyeka ngati pamene khoswe waluma.

"Koma yangoyamba mwezi watha," anatero alamu.

"Kuonekera ndiye mwezi watha. Kuyamba inayamba kale. Injiniyi inawirapo?"

Anaganiza. "Kamodzi, kalekale, ndisanagule matayala awa. Koma inazizira, n'kumayenda bwinobwino."

"Imayenda. Chipsera ndiye chimatsala."

Ndinali ndi valavu ina yakale yabwino. Ndinapaka phala logayira, ndinaigwira ndi kamtengo ka mphira kunsonga, n'kuyamba kupukusa pakati pa zikhato ngati wopekesa moto, kuti igwirane ndi pokhala pake. Ndi ntchito yochedwa, ndipo munthu umayamba kuganiza zina. Mawu anga omwe aja anandikumbutsa funso la dokotala, limene m'masiku a mkangano sindinawafunse, poti tinkangokamba za Mbenji.

"Alamu, mlongo wanu ali mwana anadwalapo mfundo?"

"Mfundo?" Anakhala pa tayala. "Eya. Ali sitandade fili. Dzinja lonse. Lero bondo ili, mawa chigongono, mkuja bondo linalo. Thupi moto. Ndinkachita kumubereka popita kuseri. Anayamba ndi pakhosi, osameza ngakhale phala. Kenako anangochira yekha. Mwazidziwa bwanji? Iyeyo sankakumbuka."

Ndinawauza zimene dokotala ananena, monga momwe ananenera, osaonjezera. Manja anga sanasiye kupukusa, chifukwa sindinkafuna kuwayang'ana kumaso. Kumzikiti wa kumunsi anayamba kuitanira swala ya masana, n'kumaliza. Kenako alamu anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Anakhalitsako.

Atabwera maso anali ofiira.

"Ndikanapita naye kuchipatala nthawi imeneyo."

"Munali mnyamata, alamu. Munamubereka. Zinazo simukanazidziwa."

Ndinanena msanga, chifukwa sindinafune kuti katundu achoke pamutu panga n'kukatera pa iwo. Ndikudziwa kulemera kwake.

Ndinathiranso parafini. Anakhazikika pa mavalavu onse anayi. Tisanamange injini ndinatereka usipa ndi tomato, poti dzuwa linali litapendeka. Ndikufuna kuphula, alamu analowa m'khitchini, chinthu chimene anali asanachitepo pakhomo panga. Anafunafuna pashelefu mpaka anapeza kabotolo ka mchere. Unali utaumbika chifukwa chokhalitsa, moti anachita kuuswa ndi mpeni. Anandipatsa.

"Thirani, alamu. Ndi dzanja lanu."

Ndinathira. Anadya mbale yonse, n'kupempha ena. Mawu akuti pepani sanatuluke, ndipo sindinawadikire.

Lamulungu lotsatira, ndikuchokera kutchalitchi, ndinapeza pikapu ili pampanda. Mwana wanga anali atakhala pakhonde, pafupi ndi mpando wa mayi ake. Atandiona anagwada, n'kuyamba kulira. Pambali pake panaima kamnyamata kovala kabudula wofiira, kakuyenda kale ndi miyendo yake.

"Pita kwa agogo," anatero alamu, akukakankha pang'ono.

Ndinawerama n'kumunyamula. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira miyezi yonse ija, poti m'maganizo mwanga anali akadali khanda la kuseri kwa nsalu. Anandiyang'ana, n'kukuwa, n'kumaponda pachifuwa panga kufuna mayi ake. Sankandidziwa. Ndinamutsitsa.

Anathamangira kumpopi wa pabwalo n'kuyamba kuumenya ndi chikhato. Ndinapita, ndinatsegula pang'ono. Madzi atamugwera m'manja anaseka, ndipo pofuna kuti asagwe anagwira buluku langa ndi dzanja lonyowa. Ndinaima chomwecho osasuntha mpaka anatopa yekha.

Pamene ankakwera galimoto ndinamuitanira pambali mwana wanga.

"Mama, mwanayu akadzangodandaula pakhosi, usadzadikire kuti achira yekha. Ngakhale kukugwa mvula, udzapite naye tsiku lomwelo."

"Ndamva, ababa."

"Ukadzasowa wokuperekeza, udzanditume."

Anagwedeza mutu. Injini inalira bwino, ndipo ananyamuka. Ndinabwerera pakhonde, ndinapukuta fumbi pampando wa ndalema, n'kukhala pansi pambali pake, pamene ndinkakhala kale.