Chifuwa cha Gule ku Raffingora

Ndili mwana ndinkakhulupirira zopusa, zoti mphamvu za mwamuna zimalowera mu utsi. Nanga ndikanatani? Malume anali wosonkha moto ku mabalani a fodya pa pulazi ina ku Raffingora, nthawi ya Chitaganya. Kaliwo wawo wakuda uja, wolumidwalumidwa kukamwa, sankazima. Thumba la chimanga ankalinyamula ngati mtsamiro.

Nyengo yowotcha fodya chaka chimenecho komboni yonse inkanunkha masamba, manja athu ali bii ndi utomoni. Anzanga ankatola zinyenyeswa pansi pa shedi n'kupichira m'makoko a chimanga. Ine ankanditcha kamwana ka mayi. Tsono ndinapichira ndudu yanga yonenepa ngati chala cha kapitawo, n'kuibisa mu udzu wa denga. Ndinati ndikaisuta Loweruka, gule akatha, onse akuona.

Loweruka ng'oma zinalira. Anatuluka gule wa nthenga kumutu, thupi lonse matope. Anazungulira bwalo, fumbi koboo, amayi nthungululu. Nyimbo isanafike n'pakati pomwe, gule anaima, manja m'maondo, n'kuyamba kutsokomola. Chifuwa chake chinali chija chokhala ndi kalikhweru kumapeto, chimene chinkatidzutsa m'mawa uliwonse.

"Amayi, si malume awo?"

Khofi limene ndinalandira, khutu ili mpaka lero limamva mochedwa. "Chilombo chilibe mphwake!" anatero mayi akundikokera kunyumba. Ndipo ine sindinanene kuti anali malume, mwamva? Gule amachokera kumanda. Kungoti ameneyo anamutulutsa m'bwalo atamugwirira uku ndi uku, atsikana akubisa kuseka m'nsalu.

Ndudu yanga ija inaolera mu udzu momwemo. Palibe anandilalikira. Ndinangoona ndekha kuti chinthu chogwetsa chilombo sichingandisiye ine, kamwana ka nthiti zowerengeka. Anzanga akandiseka ndinkangowatsokomolera ndi kalikhweru kaja, iwo n'kukhala chete.

Dzana ndinapeza mdzukulu wanga ndudu ili kukhutu, ati aliyense ku Ruwa amasuta. Aliyense! Aliyenseyo adzakubwereka mapapo ake? Ndinamufotokozera zonsezi, mpaka kutsokomola ndinatsokomola. Mwanayo kumangoseka, maso pa foni. Ndinapsa mtima, chakudya chamadzulo osachikhudza.

Pogona mayi a kunyumba anati, "Ndudu ija waiponya m'chimbudzi, ndamuona ndi maso angawa. Koma inu bambo, khofi lija linachepa. Mpaka lero mukuululabe malume anu."